Mtsuko Umene Yotamu Anausiya pa Makina

Kalekale, magetsi asanafike kumidzi ya m'mphepete mwa msewu waukulu, kunali mayi wina wamng'ono dzina lake Feliya, amene tulo tinamukana tsiku limene anaika mwamuna wake m'manda. Sichinali chisoni chokha, poti mwamunayo anadwala nthawi yaitali ndipo misozi yambiri inali itatuluka iye akadali moyo. Chimene chinkamutembenuza pamphasa chinali mtsuko wa maluwa umene unali udakali pa makina m'chisakasa kuseri kwa nyumba. M'nyumba yomweyo munagona amayi atatu, ndipo aliyense ankayembekeza kuti kukacha mtsukowo ukhala wake.

Kuti mumve bwino, ndiyambire pa mwamunayo.

Dzina lake anali Yotamu, ndipo ntchito yake inali yosema mitengo pa makina ozungulira. Makinawo anali ndi gudumu la njinga lokhala ndi chopukusira, ndipo lamba ankachoka pa gudumulo kukazunguza mbale yachitsulo imene ankakhomerapo mtengo. Munthu mmodzi ankapukusa, wina n'kumagunditsa chitsulo chakuthwa pa mtengo wozungulirawo. Wopukusa anali Feliya. Anapukusa atangokwatiwa kumene, anapukusa ali ndi pakati, anapukusanso mwana wawo Ndaziona ali kumbuyo, atamuphimba kumutu ndi kansalu kuti fumbi lisamulowe m'mphuno.

Anzake a Yotamu ankasema mtsuko kuchokera ku chipika chimodzi. Iye anali ndi njira ina. Ankacheka matabwa kukhala tizidutswa tooneka ngati njere za chimanga, kutsogolo kotambalala, kumbuyo kopapatiza. Tizidutswato ankatimata ndi guluu mozungulira, monga mmene njere zimakhalira pa chitsononkho, n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga kuti tigwirane. Guluu akauma pankatuluka nkhata ya matabwa. Nkhatayo ankaikhula pa sandipepa mpaka isalale, kenako n'kuiyang'ana padzuwa itagundana ndi inzake. Kuwala kukadutsa pakati, ankayambiranso. Zikakhala bwino ankasanjikiza nkhatazo, ina pamwamba pa inzake, molumikizira mosalunjikana, ngati mmene womanga amayalira njerwa. Poyamba chinthucho chinkaoneka choipa, chamakona paliponse, guluu atachucha m'mbali. Koma chikakwera pa makina, makona aja ankauluka kukhala utuchi, ndipo mkati mwake munkatuluka mimba ndi khosi la mtsuko.

Amene anamuphunzitsa ntchitoyi, malemu a Kamphinda, anamusiyiranso mwambo umodzi. Mtsuko ukamasemedwa umakhala womatidwa ku chipika chokhomeredwa pa mbale ija. Ukatha, wosema amadula pakati pa mtsuko ndi chipikacho makina akuzungulira, mpaka patatsala kamtengo kochepa ngati chala. A Kamphinda ankati kamtengoko ndi mchombo. Mtsuko wogulitsa, mchombo ukaduka, umagwera pa thumba la utuchi. Koma wopangira munthu sugwera pathumba. Mwini wake amagwada n'kutchera manja, ndipo umagwera m'manja mwake ukadali wofunda. Pogwada pake m'pa munthu mmodzi yekha, poti mbali ina kuli lamba, mbali ina kwaima wosema. Dzina la munthuyo silitchulidwa mpaka mchombo utawonda, chifukwa a Kamphinda ankati guluu amatha kukana, mtsuko n'kuphulika pa makina, ndipo si bwino kulonjeza munthu chinthu chimene chingathe kusweka.

Chaka china Yotamu anayamba kutsokomola. Ankati ndi chimfine, koma chimfinecho chinaona mvula ikubwera, chinaonanso ikupita. Ndiye tsiku lina anauza mkazi wake kuti akufuna kupanga mtsuko wosagulitsa, ndipo mitengo yake sakaigula, akaipempha kwa amayi atatu.

Woyamba anali Nankhoma, mayi amene anamubereka. Yotamu anabadwa chaka cha njala, bambo ake atamwalira iye akadali m'mimba. Nankhoma ankadya mitsitsi ya nthochi ndi madeya opempha, ndipo mawere anauma mwana asanayambe kukhala pansi. Anamuona akusiya kulira. Inu amene munalerapo mukudziwa kuti mwana wanjala akasiya kulira, zinthu zafika poipa. Anamubereka kumbuyo n'kudutsa naye mapiri wapansi, mapazi atatupa, kupita kwa mlamu wake, mlongo wa malemu mwamuna wake, amene anali ndi chimanga chifukwa kwawo kunali dambo. Mlamuyo anati pakamwa pamodzi angathe kudyetsa, koma pawiri ayi. Nankhoma anadikira kuti mwana agone, anamukulunga m'nsalu yokhayo yabwino imene anali nayo, n'kubwerera osacheuka.

Mwanayo anakhala moyo. Nankhoma nayenso sanafe. Anakakwatiwa ku minda ya fodya ndi mwamuna amene sankafuna kumva za mwana wa mwamuna mnzake, ndipo kumeneko anabereka ana ena. Njala inatha, zaka zabwino zinabwera, koma iye sanabwere. Anadzaonekera Yotamu ali ndi ndevu. Anaima panja pa chisakasa m'mawa wonse akuyang'ana, mpaka Yotamu anamufunsa mwaulemu kuti amayi akufuna kugula chiyani.

Yotamu atapita kukapempha mtengo, Nankhoma analowa m'nyumba n'kutuluka ndi munsi wa muwanga, wakuda, wolemera, wosalala pakati pomwe manja amagwira. Unasemedwa ndi bambo ake a Yotamu. Popereka anati: "Ichi ndicho cha abambo ako chimene ndinakwanitsa kusunga. Iwe ndinalephera."

Wachiwiri anali a Delifa, azakhali ake, mlamu uja anasiyiridwa mwana. Iwowa sanaberekepo. Anamumwetsa phala la madzimadzi ndi supuni, ndipo akalira usiku ankamupatsa bere lawo louma kuti angokhala ndi choyamwa. Mwanayo atadwala chikuku, maso atamatirira, anamusunga m'chipinda chamdima akumupukuta ndi madzi ofunda mpaka anapenyanso. Mwamuna wawo ankadandaula kuti m'nyumba mwake mukununkha matewera a mwana wa eni, ndipo potsiriza anawauza kuti asankhe. A Delifa anangopitiriza kudyetsa mwana. Bamboyo anapita kukakwatira kwina, n'kusiya nyumba yokhala ndi chinthu chimodzi chabwino, chitseko cha mlombwa.

Koma a Delifa anali ndi mtima wapachala. Ankafuna mwanayo aphunzire, pomwe iye ankangokhalira kusema timitengo. Tsiku lina akuchokera kumunda anapeza chitseko chija chitasemedwa timbalame m'mphepete monse ndi mpeni wa kukhitchini. Anamumenya ndi chikuni. Chikunicho mnyamatayo akanachiiwala, koma a Delifa anatsegula sutikesi, anatulutsa nsalu yakale ija n'kumuponyera kumaso, amvekere: "N'chifukwa chake amako anakutaya. Nayi nsalu anakutayiramo." Mpaka tsiku limenelo mnyamatayo ankadziwa kuti a Delifa ndiwo mayi ake. Anatola nsaluyo, anatuluka, ndipo sanagonenso m'nyumbamo. A Delifa anamufunafuna m'misika mpaka miyendo kutupa. Atamupeza, mnyamatayo anakana kubwerera. A Delifa kupepesa sankakudziwa, choncho chaka chilichonse akakolola ankamusenzera mtedza ndi mbatata, n'kumukalipira za malaya ong'ambika, n'kumapita.

Yotamu atawapempha mtengo anamuuza kuti iwo alibe matabwa oseweretsa. Iye sanaumirire, anagona komweko. Podzuka anapeza chitseko chili pansi pabwalo, a Delifa atachizula okha, pakhomo ataimikapo mapesi. Anati: "Tenga. Unayamba kale kuchiwononga, kamalize."

Wachitatu anali mayi Kamphinda, mkazi wa mmisiri uja. Iwowa ndi amene anamupeza mnyamatayo atagona pansi pa benchi yawo yogulitsira zitumbuwa, mapazi atadzaza matekenya. Anamuzula matekenyawo ndi phini, limodzilimodzi, n'kupita naye kunyumba. A Kamphinda sankamufuna, koma mayiwo anati gudumu likusowa wopukusa. Anamudyetsa mbale imodzi ndi ana awo. A Kamphinda atamwalira, abale awo anafuna makina, ndipo mayiwo anaima pakhomo la chisakasa n'kunena kuti makina apita kwa amene amadziwa kuwalankhulitsa. Ndiwonso anatuma anthu kukamufunsirira Feliya.

Komatu pa ntchito analibe chifundo. Mnyamatayo ankalowa m'chisakasa kusanache bwino, n'kutuluka tsitsi ndi nsidze zili mbuu. Akatsokomola ankamuuza kuti amwe madzi apitirize. A Delifa akabwera ndi mtedza, nthawi zina ankawabweza pakhomo, n'kuwauza kuti mwana watumidwa, pomwe ali kuseri. Mayiwo ankaopa kuti amutenga.

Yotamu atawapempha mtengo, anamuuza kuti akwere padenga la m'nyumba. Kumeneko kunali matabwa a mkungudza, oyera, onunkhira, amene a Kamphinda anawapala asanamwalire kuti adzakhale bokosi la mkazi wawo. Mayiwo analoza thabwa lalikulu la chivundikiro. Yotamu anakana, koma iwo anati: "Tsitsa. Ine mudzandiphimbe ndi mphasa. Fungo limeneli likhale ndi amoyo."

Choncho Yotamu anabwera kunyumba ndi munsi, chitseko ndi thabwa la bokosi, ndipo anthu a m'mudzi wa mkazi wake, kumene ankakhala, anaseka kuti mkamwini wayamba kutolera zotsala za maliro ndi za ukwati. Iye anaseka nawo, n'kuyamba kucheka. Muwanga unali wouma mtima, unabunthitsa sowo. Mlombwa unatulutsa utuchi wofiira umene unkadetsa zovala za mwana pachingwe. Pa chitseko anasiya kambalame kamodzi osakacheka, anakaika pawindo. Mkungudza unanunkhiritsa bwalo lonse, mpaka anthu odutsa ankaima n'kufunsa ngati pali wina wamwalira.

Nkhata za pansi anazipanga zakuda, za pamimba zofiira, za pakhosi zoyera. Koma mu nkhata iliyonse ankalowetsamo tizidutswa ta mitengo iwiri inayo, kotero kuti panalibe nkhata ya mtengo umodzi wokha. Feliya anamufunsa chifukwa chake akudzivutitsa chotero, poti ntchitoyo inkachuluka kawiri. Iye anangoti akufuna kuona ngati ingagwirane. Nkhata ina inakana. Atamasula mphira anapeza mng'alu pakati pa muwanga ndi mlombwa, ndipo anaiyang'ana nthawi yaitali asanaiphwasule n'kukhulanso kachidutswa kalikonse. Ankagwira ntchito pang'ono, n'kukhala pansi kupuma, n'kudzukanso.

Feliya anali munthu woona zinthu. Anaona kuti mwamuna wake wayamba kulavulira m'kachitini n'kumakabisa kuseri kwa matabwa. Anaona kuti lamba wa buluku waboolanso bowo lina. Tsiku lina akupukusa anamufunsa mwanthabwala ngati mtsukowo suli wa munthu amene mapewa ake akutha ndi gudumu. Yotamu anaseka mpaka chifuwa chinamugwira, ndipo atapuma anati: "Uwu si wako, make Ndaziona. Wako ndidzakupangira wa mbawa mvula ikatha." Anamufunsanso kuti nanga ngwa ndani mwa atatu aja. Anamuyankha kuti mkazi wa mmisiri safunsa dzina mchombo usanawonde.

Kuchipatala anati mapapo awonongeka. Anamupatsa mankhwala, anagonako, anabwerako wopepuka ngati mtolo wa udzu. Anabwereranso m'chisakasa. Manja ake sankathanso kulimbana ndi chitsulo mtengo ukamakankha, choncho anayamba kuitana mnansi kuti azipukusa, Feliya n'kugwira chitsulo, iye ataima kumbuyo kwake, manja ake ali pamwamba pa manja a mkaziyo. Ankamuuza kukhutu kuti asakankhe, angolola mtengo ubwere wokha ku chitsulo. Umu ndi mmene khosi la mtsukowo linasemedwera. Anaukumba mkati mpaka khoma lake linapyapyala, moti ukaligogoda ndi chikhadabo linkalira. Anaukhula, anaupaka mafuta, ndipo mitundu itatu ija inadzuka, yakuda, yofiira ndi yoyera, ikuthamangitsana kuzungulira mimba ya mtsuko. Panatsala kudula mchombo basi.

Yotamu anatumiza mawu kwa amayi atatu aja kuti akatha kukolola abwere tsiku limodzi. Koma chimanga chisanalowe m'nkhokwe anagona pamphasa osadzukanso.

Mayi Kamphinda ndiwo anali pafupi, ndipo anafika msanga. Ankamusambitsa, kumutembenuza, kuchapa nsalu zamagazi kuti Feliya asazigwire poti anali woyamwitsa. M'masiku amenewo Yotamu sankalandira madzi m'manja mwa munthu wina koma iwo. Thupi likatentha, nzeru zikasokonekera, ankang'ung'udza kanyimbo kena kamene Feliya sankakadziwa. A Delifa atafika n'kukamva ali pakhomo, anakhala pansi pomwepo, chifukwa kanali kamene ankamuimbira m'chipinda chamdima nthawi ya chikuku. Nankhoma anafika mochedwa, anapeza atamutseka kale maso. Koma pokonza thupi, anthu anapeza pansi pa pilo nsalu yakale yothetheka, yopindidwa bwino, ndipo Nankhoma ataiona anaizindikira. Kulira kwake kunamveka kutsidya kwa msewu.

Dzina lija Yotamu sanalitchule.

Atabwerako kumanda, amalume ake a Yotamu, a Likisho, mlongo wake wa Nankhoma, ananena kuti mawa akatha kusesa, zida za malemu zibwerera kwawo monga mwa mwambo, ndipo ngolo yabwera kale. Anati chigubu chili pa makinacho achichotse, apo ayi achigumula okha ndi hamala, poti ng'ombe sizidikira. Feliya anawauza kuti misomali ya chipikacho siingazulidwe mtsuko uli pomwepo, ungang'aluke, uyenera kudulidwa makina akuzungulira, ndipo payenera kukhala wowakha. A Likisho anati pamenepo palibe nkhani, magazi ndi magazi, wowakha ndi mlongo wawo.

Mawu amenewa ndi amene anayatsa moto m'nyumba ya maliro. A Delifa anafunsa kuti magaziwo anali kuti pamene mwana ankachita chimbudzi pamiyendo pawo. Anayang'ana Nankhoma n'kunena kuti: "Alamu, munamusiya alibe dzino, mwadzamupeza ali ndi ndevu. Pakati ponsepa mukuti ankadya mphepo?"

Nankhoma sanakweze mawu. Anati: "Munati pakamwa pamodzi, alamu. Mukanati pawiri, ndikanakhala. Ine ndinamusiya kuti akhale moyo. Inu munamuthamangitsa chifukwa cha chitseko."

A Delifa anatembenukira kwa mayi Kamphinda, poti mkwiyo unasowa kolowera, n'kuwauza kuti iwo asakhale chete ngati woyera mtima, chifukwa fumbi limene ladya mwanayo anamupatsa ndi iwo. Mayi Kamphinda anavomera ndi mutu. Anati n'zoona, ndipo akhala akuziganiza pochapa nsalu iliyonse. Koma anati pamene anamupeza pansi pa benchi, amayi awiri onsewo anali moyo, ndipo palibe amene anali pomwepo. Za makina anati a Likisho atenge, iwo anapereka kalekale, koma hamala isayandikire ntchito ya mwana wawo.

Mayi wina wa m'mudzimo anati bwanji aucheke patatu, aliyense atenge mtengo wake. Koma onse anali atauona mtsukowo ndipo ankadziwa kuti mulibe malo amene mpeni ungadutse osadula mitengo yonse itatu. Wina anati uzikhala chaka kuno, chaka uko. A Delifa anati mwanayo anayendayenda mokwanira ali moyo. Winanso anati Feliya angousunga, ndi wa mwana wamasiye. Apa Feliya analankhula koyamba. Anati mwini wake anamuuza maso ndi maso kuti si wake, ndiponso wogwira chitsulo sangathe kutchera manja.

Kenako aliyense mwa atatuwo anapeza mpata wake. Nankhoma anayandikira Feliya n'kumunong'oneza kuti iye sanamugwirepo mwana wake chigwirire chaka cha njala, ngakhale pomwalira anachedwa, ndiye amulole agwire chimenechi chokha. A Delifa anadikira kuti Feliya atuluke kukataya madzi, anamutsatira, ndipo mayi wolusa uja anagwira dzanja la mtsikanayo n'kunena kuti anzawowo ali ndi ana ena, iwo anali ndi mmodzi yemweyo, ndipo kwawo akubwerera ku nyumba yopanda ngakhale chitseko. Mayi Kamphinda sanapemphe. Anangofunsa ngati chitsulo chodulira chili chonola, n'kumukumbutsa kuti mchombo ukamawonda wopukusa azichepetsa liwiro. Koma polankhula ankanunkhiza nsonga ya mpango wawo, umene anali ataupukutira mtsuko uja masana.

Izi ndizo zinamukaniza tulo Feliya. Akaganiza za Nankhoma, ankayang'ana Ndaziona ali pabere, n'kudzifunsa kuti pamafunika mtima wotani kuti usiye mwana wako ali m'tulo kuti iye adye. Akaganiza za a Delifa, ankakumbukira usiku wonse umene iye mwini anachezera ndi mwana wodwala, n'kuona kuti kubereka kumatha tsiku limodzi koma kulera sikutha. Akaganiza za mayi Kamphinda, ankaona manja awo m'beseni la madzi ofiira, munthu amene sanali m'bale ngakhale pang'ono. Ndipo aliyense mwa atatuwo anali atamulasa Yotamu penapake, ndipo Yotamu anapitabe kwa aliyense kukapempha mtengo.

Kutacha, anthu atasesa pabwalo ndi kutaya phulusa, Feliya anayamwitsa mwana n'kumubereka kumbuyo, anamuphimba kumutu ndi kansalu kaja. Analowa m'chisakasa, anachotsa thumba limene linaphimba mtsuko, anathira mafuta pa gudumu. Ananola chitsulo pamwala monga ankachitira mwamuna wake, n'kuchiyesa pa chikhadabo. Thumba la utuchi analikokera kutali, kuti pansi pa mtsuko pakhale popanda kanthu. Kenako anatuluka, anagwada pamaso pa a Likisho n'kuwapempha kuti adzamupukusire. Bamboyo anang'ung'udza kuti iye sanabwerere maganyu, koma atalowa n'kuuona mtsukowo pafupi, anavula chipewa n'kugwira chopukusira.

Amayi atatu aja anabwera okha osaitanidwa, anaima pakhomo la chisakasa. Nankhoma anali atafumbata nsalu yothetheka ija, ndipo anaikoleka paphewa kuti manja akhale opanda kanthu. A Delifa ankapukuta zikhato pa chitenje mobwerezabwereza. Mayi Kamphinda anaima kumbuyo pang'ono, maso ali pa chitsulo, milomo ikuyenda ngati akumuwongolera mtsikanayo chamumtima.

Gudumu linayamba kulira. Mitundu itatu ija inasakanikirana n'kukhala mtundu umodzi wosadziwika dzina. Feliya anagunditsa chitsulo pakati pa mtsuko ndi chipika, osakankha, ndipo utuchi unayamba kugwera pa mapazi ake. Mchombo unali ngati dzanja la mwana, kenako ngati chala chachikulu cha bambo, kenako ngati chala chake chomwe. Anauza a Likisho kuti achepetse. Mtsuko unayamba kugwedezeka pang'ono kukhosi, monga umachitira ukatsala pang'ono kugwa. Pansi pake panali dothi louma lokhalokha. Feliya anadzutsa mutu, anayang'ana pakhomo, n'kutsegula pakamwa.

Ine nkhaniyi ndaisiyira pomwepa, chitsulo chili pamtengo. Pogwada m'pa munthu mmodzi, ndipo mchombo sudikira. Inu amayi anzanga, nanunso abambo, mukanakhala Feliya mukanaitana ndani kuti adzatchere manja: amene anamubereka n'kumusiya kuti apulumuke, amene anamulera n'kumuthawitsa ndi lilime, kapena amene anamutola n'kumupatsa ntchito imene inamudyetsa n'kumudyanso?